Foni ya Malemu Golden

Mlandu umene unafika kwa Sajeni Hector Kamchacha Lolemba m'mawa unali wa kuba, koma chitseko sichinathyoledwe, zenera silinasweke, ndipo katundu yense anali pamalo pake. Hector sanatekeseke. Anali atafufuza milandu ku Mzimba zaka zambiri, ndipo ankakonda kunena kuti wolakwa aliyense amadya, amagona, ndipo ali ndi apongozi. Ukatsata zimenezo umamupeza.

Situdiyo ya zithunzi ya Soko inali kuseri kwa msika. Mwini wake, Golden Soko, anamwalira kumayambiriro kwa Ogasiti atadwala masiku ochepa. Mkazi wake Felesta, amene pa Boma ankamutcha nyaShaba, anakhala kumudzi monga mwa mwambo, osagwira ntchito, mpaka akuluakulu atamumasula. Tsopano Okutobala anali kumapeto, ndipo m'mawa umenewo ndi pamene anatsegula situdiyo koyamba.

"Ndinayatsa kompyuta, a Sajeni," anatero Felesta. Ankalankhula mosathamanga, manja atawapinda pa tebulo. "Zithunzi zonse zinalimo. Maukwati, zinkhoswe, ana omaliza sukulu, chilichonse m'foda yake. Ndinapita kuseri kukatenga tsache. Pobwera ndinapeza zikuchoka."

"Zikuchoka bwanji?"

"Imodziimodzi, ngati nkhuku zikulowa m'khola. Pamene ndimafika pa waya kuti ndizule, mbwenu zinali zitatha."

"Simunasunge kwina?"

"Kwina kwake n'komweko."

Anafotokoza bwinobwino. Kompyuta yawo inali yaing'ono m'mimba, choncho Golden ankatumiza zithunzi zonse ku kampani ina ya pa intaneti imene imasungira anthu zinthu zawo. Malo amenewo amawatcha mtambo. Mu kompyuta munkangokhala timithunzi toonetsa zimene zili kumtamboko. Makhadi a mu kamera ankawapukuta akangomaliza kutumiza, kuti akajambulire ntchito ina.

"Ankati kumtambo kulibe chiswe, kulibe moto, kulibe mbala," anatero Felesta. "Ine ndinkavomera."

"Za makasitomala angati zimene munali musanapereke?"

"Nyengo yonse ya maukwati. Anadwala asanayambe kusindikiza. Ngati zithunzi zimenezo sizibwera, situdiyo ino yafa, a Sajeni. Ndani adzandipatsenso ukwati wake?"

Hector anafunsa ngati makinawo amanena amene wafufuta. Felesta anatembenuza kompyuta kuti aone yekha. Panalembedwa tsiku, Lamulungu lina la mu Seputembala, masana. Pambali pake panali dzina la chipangizo chimene chinapereka lamulolo.

Hector anawerenga, n'kuwerenganso.

Linali loti: Foni ya Golden.

"Tsiku limenelo," anatero Felesta, "nkhata za maluwa zinali zitauma kale pa manda ake."

* * *

Foniyo, malinga ndi Felesta, anaitenga mlamu wake Aaron, m'bale wake wa Golden, pa tsiku la maliro kuti aziimbira abale akutali, ndipo sanaibweze. Koma Felesta sankamuganizira Aaron. Iye uja ankacheka matabwa ku Luwawa, m'nkhalango mopanda netiweki, ndipo za makompyuta sankazidziwa. Amene Felesta ankamukayikira anali Louis Chipeta, wojambula wa tsidya la msewu, amene kale ankagwira ntchito ndi Golden asanayambane.

Louis anamulandira Hector ngati munthu amene wakhala akudikira mlendo.

"Ndimadziwa kuti mubwera, abwana. Khalani apo, osati pamenepo, pali magalasi. Akuti ndine, eti? Ine nambala yachinsinsi ya Golden ndinkaidziwa, inde. Anaisintha tsiku lomwe ndinatuluka, ndisanawoloke n'komwe msewu. Ndipo ndikanalowa ine, pakanalembedwa kompyuta yanga, osati foni ya munthu wakufa."

"Mwadziwa bwanji za foni?"

"Pa Boma pano? Wogulitsa tomato aliyense akudziwa. Ena akuti mzimu wa Golden wabwera kudzatenga ntchito zake."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kakuda konga sopo.

"Iyi ndi disiki. Ina ngati yomweyi ili kwa amayi anga ku Kafukule, m'chitini cha mabisiketi. Mtambo nanenso ndili nawo, koma sindiugonera. Ndinamuuza Golden. Ndinati mnzanga, mtambo wakowu ndi galasi. Ukameta ndevu kuno, ndi m'galasi momwe zachoka. Chimene wafufuta pa foni, kumtambo chapita, pa kompyuta chapita. Anaseka. Anati ndine munthu wachikale."

"Kampaniyo singabweze?"

"Imasunga zofufutidwa kwa mwezi, ngati m'bini. Mwezi ukatha imakhuthula. Imachenjeza ndithu, koma uthenga umapita kwa mwini wake, ndipo mwini wake anali kuti? NyaShaba akanatsegula situdiyo msanga akanazipeza. Koma mkazi wofedwa satsegula shopu. Tawalemberani a kampani, tione. Ine sindikuyembekeza kanthu."

Hector anaimirira. Munthuyu ankalankhula kwambiri, koma sankabisa kanthu m'mawu akewo.

"Chinthu chimodzi, abwana," anatero Louis ali pakhomo. "Miyezi yonseyi anthu akhala akubwera kwa ine kudzadandaula. Situdiyo itsegulidwa liti, zithunzi zathu zili kuti. Aliyense amene Golden anamujambula wafika pano. Kupatula mmodzi."

"Ndani?"

"Ntchito yomaliza ya Golden inali ku Manyamula, tsiku lopereka lobola. Mkamwini wopereka lobolayo sanafunsepo za zithunzi ngakhale kamodzi. Ndi Aaron."

* * *

Hector anafika ku Manyamula pa njinga yamoto dzuwa litapendeka, fumbi lili m'makutu. Apongozi ake a Aaron, a Zondwayo, anawapeza akukonza mpanda wa khola. Anali nkhalamba yaitali yolankhula pang'onopang'ono, Chichewa chawo chotsamira ku Chitumbuka.

"Yewo, adada, yewo. Mwabwera ndi zithunzi?"

"Ayi, bambo. Ndabwera kudzafunsa za tsiku limene zinajambulidwa."

"Linali tsiku labwino chomene." Anakhala pa chitsa. "Mkamwini wanga anabweretsa ng'ombe zenizeni, zoyenda ndi miyendo, osati za m'thumba monga achitira anyamata a ku Joni. Malemu uja anandijambula ndi iliyonse. Anati gwirani nyanga, adada, yang'anani kuno. Ine ndinagwira."

"Zonse zili m'kholamu?"

Mkuluyo anayang'ana khola kanthawi.

"Imodzi yayi. Yaikazi, yofiira, pamphumi poyera, nyanga yakumanzere yopindikira pansi ngati ikumvetsera nkhani. Ndinaikonda kuposa zonse. Maliro atapita, mkamwini anabwera ndi ina yakuda iyo. Anati yofiira ija inali ya malemu, iyenera kubwerera kwawo monga mwa mwambo."

"Mwambo umenewo ulipo?"

"Ine ndakalamba osaumva. Koma munthu wofedwa sumutsutsa, adada. Ndinatsegula khola. Ndinati palibe kanthu, ndidzatsala ndi chithunzi."

Hector anatsazika mwaulemu, koma mtima wake unali utafika kale kwina. Ng'ombe imeneyo ankaidziwa ngakhale anali asanaionepo. Mu Juni, mlimi wina wa kufupi ndi nkhalango ya Luwawa anabwera kupolisi kudzanena kuti yake yasowa, ndipo pofotokoza nyangayo anapinda chala chake momwemo. Hector yemweyo ndi amene anayenda m'mabutchala ndi m'misasa ya ocheka matabwa kufunsa za ng'ombe yofiira ya nyanga yopindika. Ulendo womaliza anapita kumayambiriro kwa Seputembala.

Analiza njinga. Chifukwa anali nacho tsopano. Chotsala chinali njira.

* * *

M'mawa mwake anakwera ku Luwawa. Mapiri ena anali obiriwira ndi paini, ena akuda bii, zitsa zokhazokha. Msasa wa ocheka matabwa unali m'chigwa, zisakasa za makungwa zitazungulira mulu wa utuchi. Hector atayang'ana foni yake anapeza ilibe netiweki ngakhale kadontho.

Aaron Soko anazimitsa macheka n'kubwera akupukuta manja. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, waulemu. Anamvetsera nkhani yonse ya situdiyo osaphethira.

"N'zachisoni, bwana. Koma ine zindikhudza bwanji? Lamulungu limenelo kuno kunali moto. Funsani aliyense."

Hector anafunsa kapitawo, bambo wonenepa wa mawu osasa.

"Tsiku la moto? Ameneyu anali pambali panga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tinkathitha moto ndi nthambi kuseri kwa damu. Onani nsidze zake, sizinamerebe. Palibe anachoka. Wochoka tsiku limenelo ndikanamuchotsa ntchito."

"Mwamva, bwana," anatero Aaron. "Ndipo ngakhale ndikanakhala pa msasa, kuno netiweki kulibe. Ndikafuna kulankhula ndi mkazi wanga ndimakwera phiri ilo ndi kafoni kanga kamabatani. Ndingafike bwanji ku situdiyo ya pa Boma ndili m'chigwa muno?"

Ankanena ndi mtima wonse. Hector anali atamva mabodza ambiri pa moyo wake, ndipo ili silinkamveka ngati bodza.

"Foni ya achimwene anu ili kuti?"

Aaron analowa m'chisakasa n'kuitulutsa m'sutikesi, itakulungidwa m'sokosi. Hector anaiyatsa. Munali nyimbo ndi mafilimu angapo. Zithunzi munalibe ngakhale chimodzi. Batire linali pafupifupi lodzaza.

Anakweza maso. Pa msasa wonse panalibe waya wa magetsi. Macheka ankayendera dizilo.

"Mumatchaja kuti?"

"Timapatsa Honest," anayankha kapitawo, Aaron asanatsegule pakamwa. "Dalaivala wa lole. Uyo ali pansi pa galimotoyo."

Honest anatuluka chagada, sipanala ili m'manja. Anali wa ku Mulanje, ndipo ankaseka asanayambe kulankhula.

"Achimwene apolisi! Ngati ndi za matayala, ndikusintha mawa."

"Ndi za mafoni."

"Aa, amenewo ndi ana anga. Lamulungu lililonse ndimawasonkhanitsa m'jumbo, ndikamatsitsa matabwa ku msewu waukulu ndimawasiya kwa ometa tsitsi. Ndikadya, ndikameta, ndimawatenga atakhuta."

"Ndi tsiku la moto lomwe?"

"Makamaka tsiku limenelo. Anandiuza kuti ndithawitse lole isapse. Jumbo linali kale m'galimoto."

"Foni iyi inalimo?"

"Bwana wa mafoni onse ameneyo? Sasowa."

"Mumaziyatsa?"

"Nanga ndidziwa bwanji kuti yadzaza? Ndimayatsa iliyonse. Iyi ikangoona netiweki imalira ngati mbuzi, mauthenga mbwee. Malemu anasiyamo intaneti ya miyezi. Ine sindiwerenga za eni ake, achimwene, ndili ndi mavuto anga."

"Inali nthawi yanji?"

"Masana. Anthu anali akutuluka m'tchalitchi."

Hector anamuthokoza n'kumulola abwerere pansi pa lole. Kenako anatenga Aaron n'kupita naye kuseri kwa mulu wa matabwa, kumene anzake sakanamva.

"Bambo Soko, ndikuuzeni nkhani ya kompyuta ya alamu anu. Zithunzi zinafufutidwa mu Seputembala, iyo ili chizimire. Inakhala osadziwa kanthu mpaka dzulo. Itangoyatsidwa n'kupeza netiweki, inamva lamulo n'kulitsata. Tsono ine ndadzifunsa: ngati kompyuta ingadikire netiweki kuti imve lamulo, foni singadikire netiweki kuti ilipereke?"

Hector anakweza foni ija m'mwamba.

"Inu Lamulungu munali ku moto, sindikutsutsa. Foniyi ndi imene inapita ku msewu. Inanyamula zimene munaiuza mkati mwa sabata, ine nditangochoka pano kudzafunsa za ng'ombe yofiira. Itafika kwa ometa tsitsi inakanena kumtambo."

Nkhope ya Aaron inasintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene waponda pamene ankayesa mwala n'kupeza ndi matope.

"Ine ndinafufuta mu foni," anatero. "Mu foni mokha, bwana."

"Munkafuna chiyani?"

"Chithunzi chimodzi." Mawu ake anatsika. "Ndinafunafuna. Zinalimo zosawerengeka, maukwati a anthu osawadziwa, ana, makwaya. Ndikatsitsa, zina zikubwera. Ndinaopa kuti china chinditsalira. Ndinangosankha zonse."

"Nanga za mu kompyuta ya ku situdiyo munkati mutani nazo?"

"Ndinkati alamu akadzatsegula ndidzapita kukapempha za ukwati wanga ndekha, ndidzachotse chimodzicho. Zinazo sindikanazikhudza. Ndi chakudya cha ana a achimwene anga chimenecho." Anayang'ana Hector. "Zoti zapita zonse n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndi za tsiku la ukwati wanga zomwe?"

"Zonse."

Aaron anakhala pa thabwa. Hector anamufunsa za ng'ombe yofiira ija. Inali itaphedwa kalekale, nyama inagulitsidwa pa msika wina wakutali, chikopa sankadziwa kumene chinapita.

"Ndiye umboni mulibe," anatero Aaron, koma mopanda mphamvu.

"Chithunzi munafufuta. Koma apongozi anu anagwira nyanga ija ndi dzanja lawo, ndipo mwini ng'ombe akuidziwa ngati mwana wake. Ndikawakhazika pamodzi, sipafunika kamera. Tengani jekete, kumtunda kukuzizira."

* * *

Yankho la kampani linafika Lachitatu. Linali laulemu kwambiri. Linapepesa za imfa, linapepesa za zithunzi, ndipo linati zinthu zimene zachotsedwa m'bini sizibwezedwa ndi wina aliyense.

Hector anapeza Felesta akupukuta magalasi a kamera. Pakhonde panali anthu, ena atakhala pa benchi, ena ataima pa dzuwa. Mbiri inali itawafika, koma aliyense ankafuna kumva yekha za zake.

Anamuuza za Aaron mwachidule. Felesta anamvetsera osasiya kupukuta.

"Kumudzi anena kuti ndamangitsa mlamu wanga," anatero.

"Wamangitsa ndi mwini ng'ombe. Mlandu wa zithunzi ndi wanu, mukafuna kuupitiriza."

"Ukapitirira zibwera?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye tiyambe taona za awa ali panjawa."

Anakoloweka kamera m'khosi n'kutsegula chitseko chonse. Sanakweze mawu.

"Zithunzi zanu zapita," anatero. "Sindikunamizani kuti mwina. Tinaziika malo amodzi, ndipo malowo anatseguka ndi kiyi amene sitinkamuganizira. Kulakwa kumeneko n'kwa nyumba ino. Amene mungathe, bwerani ndi zovala zanu, ndikujambulaninso, simulipira kanthu. Kuyambira lero chithunzi chilichonse chizigona malo atatu, amodzi mwa iwo m'nyumba mwanga."

Panamveka kung'ung'udza. Bambo wina anati ukwati si sewero loti n'kubwereza, n'kuchoka akupukusa mutu. Enawo anatsala. Mayi wachitsikana amene anali kutsogolo anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Diresi lilipo, amama, koma silikundikwananso." Anayang'ana pamimba pake, ndipo amayi a pa benchi anaseka.

"Tidzalimasula kumsana. Kamera siona kumbuyo. Mwamuna wako ali kuti?"

"Ku Joni. Abwera pa Khirisimasi."

"Ndiye pa Khirisimasi. Udzabwere ndi mwana yemwe, adzaoneke pa ukwati wa makolo ake."

Anapitiriza choncho, mmodzimmodzi. Wa kwaya anati asonkhanitsa anzake Loweruka. Mayi wa mwana womaliza sukulu anati chovala chija anachita kubwereka, koma akabwerekanso. Hector anaima pambali akuonerera, ndipo anaona kuti situdiyo ija siifa. Idzatsimphina nyengo imodzi, koma siifa.

Womaliza anali bambo wachikulire wa jekete lotuwa, amene nthawi yonseyi anali chiimire kumapeto kwa khonde, chipewa chili m'manja. Ankaoneka kuti sanamve bwino zimene zinanenedwa.

"Ine ndabwerera chathu chija, mwana wanga," anatero. "Cha ine ndi amayi akunyumba. Mwamuna wako anatijambula pa tchalitchi mu Julaye. Anati chatuluka bwino chomene."

Amayi a pa benchi anaweramitsa mitu. Mmodzi ananong'oneza Hector kuti mkazi wa bamboyo anaikidwa m'manda mwezi watha.

Felesta anavula kamera m'khosi n'kuiika pa tebulo. Analowa m'kati, natulutsa mpando umene amakhazikapo anthu powajambula, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Khalani apa, adada," anatero. "Inu ndikuuzani titakhala pansi."